Tsamba Limene Ndinasintha m'Buku Lofiira

Mzilikazi, Bulawayo
13 Disembala 1981

Okondedwa achemwali Evelina,

Moni wa kuno ndi ameneyu. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Nsipe? Abambo mwendo uja ukuwalola kufika kumunda? Nanga amayi chifuwa chinawasiya? Tamva kuti mvula yabwera msanga chaka chino, kaya mwamaliza kubzala. Kuno a malume Moses ndi akazi awo ali bwino, inenso thupi lili bwino. Kalata yanu ya mu Okutobala ndinailandira kalekale. Poyamba ndinachedwa kuyankha chifukwa cha ulesi, koma kenako ndinkangoiyang'ana ili pawindopo n'kuiopa.

Pezani pokhala, achemwali, nkhaniyi ndi yaitali. Sindikudwala, sindili kundende, musayambe kuitana anthu. Koma ndachita chinthu choipa kuntchito, choipa zedi, ndipo ndikufuna muchimve kuchokera pakamwa panga.

Ndiyambe ndi ntchitoyo, poti nthawi zonse mumati simumvetsa chomwe ndimachita. Fakitale yathu ku Belmont imasoka zovala, makamaka mayunifolomu. Chilandirireni ufulu kuno sukulu zikungotsegulidwa paliponse, ndiye maoda ndi mbwee. Sukulu yakuti ikufuna madiresi angati, makabudula angati, sayizi yanji, mtundu wanji, zonsezo zimalowa mu kompyuta. Odula nsalu sagwira sizasi asanalandire pepala lochokera m'chipinda chathu.

Kompyutayo imasunga zonsezi pa madisiki. Ganizani malekodi a galamafoni atasanjikizana m'chibekete, kulemera kwake ngati khanda la chaka. Disiki imodzi ndi yogwirira ntchito. Ina ndi kope lake, timakoperapo tsiku lililonse tisanaweruke kuti yoyambayo ikafa tisalire. Yachitatu imakhala mu sefa ku ofesi ya m'tauni, koma imeneyo timaikumbukira mwa apo ndi apo. Pokopera timaika disiki ina m'bokosi la kumanzere, ina m'bokosi la kumanja, n'kudina batani. Za mbali imodzi zimapita mbali inayo, ndipo zomwe zinali kumeneko zimafufutika, sizibweranso.

Ndiye pali buku lofiira. Ndi fayilo chabe, yomangidwa ndi tcheni pakhoma pafupi ndi chitseko. Limanena zochita zinthu zikavuta, kaya ndi moto, kaya madzi, kaya magetsi azima mwadzidzidzi, kaya disiki yafa. Choyamba zimitsa ichi, chachiwiri imbira uje, chachitatu ika ichi apa. Analilemba kuti munthu akakhala yekha pa shifiti azingowerenga n'kumachita. A Hector, omwe ndi bwana wa chipinda chathu, anandipatsa ine ntchito yolisamala kuyambira mu Malichi. Kanthu kakasintha pa makina, ine nditaipe tsamba latsopano, lakale ndichotse. Basi, ntchito yake ndi yomweyo. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kuigwira.

M'chipindamo timagwira awiri, ine ndi sisi Dorah. Ndi Mndebele, amakhala ku Njube ndi amayi awo ndi ana awiri. Amuna awo anawoloka kupita ku Zambia nthawi ya nkhondo ndipo mpaka lero palibe wabwera kudzanena kuti ali moyo kapena ayi. Ndiwo anandiphunzitsa ntchito nditangofika, ndikuopa ngakhale kutsokomola pafupi ndi makina. Ankandiitana kuti bhudi Nyasa, bhudi ndiye mchimwene m'chilankhulo chawo, n'kumaseka Chindebele changa kuti ndimalankhula ngati ndatafuna mbatata yotentha. Masana ankandigawira mkate wawo.

Mu Ogasiti kunabwera amisiri ochokera ku Salisbury kudzasintha mabokosi aja. A Hector anali patchuthi, sisi Dorah mwana wawo anali m'chipatala, ndiye amene ndinaima ndi amisiriwo ndine. Pochoka anandiuza bwinobwino kuti mnyamata samala, kale makinawa ankakopera kuchokera kumanzere kupita kumanja, tsopano akukopera kuchokera kumanja kupita kumanzere, ukasinthe m'buku lanu lero lomwe. Ine ndinati chabwino.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera a malume, mwa matama chabe. Iwo anaika kapu pansi n'kundifunsa kuti kodi ukufuna ulembe zimenezo pakhoma kuti aliyense aziwerenga? Akuti iwe ndiwe mlendo, ufuluwu ndi wa eni ake, chilolezo chako chogwirira ntchito chimatha chaka ndi chaka. Tsiku lomwe mwana wa kuno adzadziwe zonse zomwe iwe ukudziwa, udzakwera sitima ndi sutikesi yako. Akuti iwo atha zaka makumi atatu ku fakitale ya zitsulo chifukwa ng'anjo ikazima woiyatsa ndi iwo okha. Akafuna kuyatsa amatuma anzawo onse kukafunafuna sipanala, pomwe sipanalayo ili m'thumba la ovolosi yawo. Tinaseka, azakhali mpaka misozi.

Sindikuwakankhira a malume mlandu. Iwo anangolankhula, wochita ndine, ndipo ndine wopita kusukulu.

Ndinagula kabuku kakuda ka m'thumba. Chilichonse chosintha pa makina ndinkalemba mmenemo, m'Chichewa, kuti wina akakatola asamve kanthu. Buku lofiira ndinalisiya momwemo. Ntchito yokopera ya madzulo ndinailanda mwaulemu, ndinkati sisi pitani mukaone ana, nditsala ine. Iwo ankathokoza, achemwali, ankati Mulungu akudalitse bhudi. Kutha kwa mwezi uliwonse a Hector ankandifunsa ngati buku lili bwino, ine yes sir, maso ali gwa. Ogasiti, Sepitembala, Okutobala, katatu konse.

Loweruka pa 21 Novembala inali shifiti ya sisi Dorah okha. Loweruka sitikopera, timangosindikiza mapepala a odula nsalu. Ine ndinali ku Barbourfields kumpira. Cha m'ma 3 koloko kunagwa mvula ya matalala yoti sindinaionepo, mphenzi ng'ani ng'ani, ife tikungovina m'matope, malaya tavula, tikuimba nyimbo zomwe sindidziwa n'komwe tanthauzo lake. Nthawi yomweyo ku Belmont magetsi anazima n'kuyaka, kuzima n'kuyaka, disiki yogwirira ntchito n'kufa.

Sisi Dorah anachita zonse zoyenera. Anaimbira a Hector, foni inangolira, anali atapita kukawedza. Anatuma dalaivala kunyumba kuno, azakhali anamuuza kuti ali kumpira. Tsono munthu mmodzi ungamupeze bwanji m'chikhamu chonse chija? Atadikira ola lathunthu anatsegula buku lofiira, tsamba 7. Tsambalo linkati disiki yabwino ikani kumanzere, yowonongeka kumanja, dinani batani. Anachita momwemo. Makina anatenga zinyalala za pa disiki yakufa n'kuzithira pa kope labwino. Zonse ziwiri kutha psiti.

Mpaka apa mwina mukuti mlongo wanga anapusa, koma si woipa. Dikirani.

Lamulungu m'mawa dalaivala anabweranso kudzanditenga. Ndinapeza a Hector ali ndi kabudula, akadanunkha nsomba, akuzungulirazungulira m'chipindamo. Nditangoona momwe madisiki anakhalira m'mabokosi ndinadziwa chomwe chachitika. A Hector anakwera ku ofesi ya pamwamba kukaimbira amisiri ku Salisbury, sisi Dorah anali asanafike, ndinatsala ndekha ine ndi bukulo.

Ndinatsegula fayilo, n'kuchotsa tsamba 7, n'kulipinda n'kuliika mu sokosi. Ndinalowa mu ofesi ya pafupi, n'kutaipa latsopano, lolondola, kumanja kupita kumanzere. Sizinanditengere mphindi khumi. Ntchito yomwe ndinaikana miyezi itatu, mphindi khumi! Ndiye poti pepalalo linali loyera kwambiri, ndinalipukuta pa thalauza, n'kupinda kona yake, n'kulidinda ndi pansi pa kapu ya tiyi kuti lioneke lakale. Ndikulemba izi nkhope ikutentha. Sindinachite mosokonezeka ayi, ndinaganiza bwinobwino mpaka za kapu ya tiyi.

Sisi Dorah atafika, maso ali psuu, anafotokoza zonse n'kunena kuti anatsatira buku mzere ndi mzere. A Hector anatsegula tsamba 7 n'kuliwerenga mokweza. Sisi anati ayi, dzulo silinali choncho. A Hector anati munali ndi mantha mayi, mphenzi, mdima, munthu amasokoneza manja. Sisi anabwerezanso kuti iwo kumanja ndi kumanzere amakudziwa, anabereka ana awiri, tsambalo silinali choncho. Apo a Hector anatembenukira kwa ine n'kundifunsa kuti tsamba limeneli lakhalamo kuyambira liti.

Ndinati kuyambira Ogasiti, bwana.

Sisi Dorah sanakuwe, sanatukwane. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kutenga chikwama chawo. Lolemba anawauza kuti akhale kaye kunyumba, akuluakulu a fakitale adzagamula Lachisanu pa 4 Disembala. Aliyense ankadziwa kuti kugamula kwake ndi kuwachotsa ntchito.

Sabata imeneyo ine ndinali munthu wamkulu. Ndinakatenga disiki yachitatu ija m'tauni n'kudzutsa makina. Vuto linali loti inali ya masabata atatu m'mbuyo, ndiye maoda onse a masabata atatu anasowa. Atsikana a mu ofesi anayamba kufufuza m'madengu a zinyalala, kuimbira masitolo, kulembera masukulu makalata kuti pepani tiuzeninso munkafuna chiyani. Komabe makina anayenda, ndipo a Hector anandisisita paphewa pamaso pa anthu, akuti popanda Lemson tikanatseka fakitale. Masana anandigulira payi ya nyama ndi Fanta. Ndinadya, achemwali. Ndinadya yonse, mpaka nyenyeswa.

A malume nditawauza zoona zake anati aikona, tseka pakamwa pako. Akuti mayiyo ndi wa kuno, ali ndi abale, ali ndi chipani, apeza pena. Iwe ukachotsedwa upita kuti, ukalima fodya ku Kasungu? Akuti tsamba lakalelo ndiliponye mu mbaula. Ndinavomera, koma sindinaliotche. Musandifunse chifukwa, inenso sindikudziwa. Linangokhala mu sutikesi, ine n'kumamva ngati likupuma mmenemo.

Lachinayi ndinafuna kabuku kanga kakuda mu dirowa ya kuntchito. Kunalibe. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti loko wake anachita kupotokoledwa ndi chitsulo. Apo ndinadziwa kuti tsiku la matalala lija sisi Dorah, posowa pogwira, anathyola dirowa yanga kufuna chilichonse chowathandiza, ndipo kabukuko kali kwa iwo. Chitseko chikatseguka ndinkangoti basi, abwera nako. Tsiku lotsatira mayi wina wosoka, woyandikana nyumba ndi sisi Dorah, anandiima kutsogolo pa geti n'kunena kuti akukufuna ku Njube Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Sanadikire yankho.

Ndinapita pa njinga ya a malume. Kawiri konse ndinatembenuka panjira, kawiri konse ndinabwereranso. Ndinkayembekezera kupeza azichimwene awo atakhala pakhonde ndi zibonga. Koma ndinapeza amayi awo okalamba akusoka pamphasa, ana akusewera ndi mawaya, ndipo sisi Dorah anandilandira njinga n'kuiimika pamthunzi. Anandipatsa mpando, madzi osamba m'manja, tiyi ndi mkate wopaka jamu. Bwenzi atangondimenya.

Nditamaliza anatulutsa kabuku kaja, atakakulunga m'pepala la shuga. Anati sanapite nako kwa a Hector chifukwa sadziwa zomwe zalembedwamo, ndipo iwo sanenera munthu ndi chinthu chomwe sangathe kuwerenga. Akuti maNyasa ku Njube ndi ambiri, akanatha kungowoloka msewu kwa che Sulaiman otelala n'kuwawerengera, koma anafuna mwini wake. Anatsegula tsamba lina, n'kuloza ndi chala. Akuti Chinyasa sindichidziwa, koma dzina langa ndimalidziwa, nali apa. Ngifundele, bhudi. Kutanthauza kuti ndiwawerengere.

Achemwali, ndinali nditaiwala kuti ndinalemba zimenezo. Pa tsambalo panali deti la 14 Ogasiti, ndipo pansi pake ndinalemba kuti tsopano makina akukopera kuchokera kumanja kupita kumanzere, buku lofiira likunama, Hector kulibe, Dorah sakudziwa, wodziwa ndine ndekha. Mawu oti ndine ndekhawo ndinawadula mizere iwiri kunsi, ndi cholembera chofiira.

Ndikanatha kunama. M'mutu bodza linali litakonzeka kale, loti apa ndinalemba kuti ndikumbukire kuwauza sisi Dorah. Ndani akananditsutsa pamenepo? Koma kamwana kawo kakakazi kanali katatsamira pa bondo langa kakuseweretsa lamba wa wotchi yanga, amayi awo akundimwetulira poti ndine mlendo wa mwana wawo. Ndinawerenga m'Chichewa momwe zinalili, kenako ndinamasulira m'Chizungu, mawu ndi mawu. Ndinawauzanso za tsamba 7, za taipi, za kapu ya tiyi.

Amayi aja anafunsa kuti mnyamatayu akuti chiyani, bwanji akutuluka thukuta chonchi. Sisi anawayankha kuti ndi za kuntchito mama, tiyi wamutentha. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano, n'kundifunsa ngati ndikudziwa yemwe anauza a Hector mu Malichi kuti buku lofiira alipereke kwa ine. Akuti ndine amene, ine Dorah. Akuti ndinawauza kuti mnyamatayu Chizungu chake n'chabwino, mupatseni bukuli kuti nthawi yokonzanso chilolezo chake ikafika mudzakhale ndi cholemba, kuti ali ndi udindo. Akuti ndinkaopa kuti angakubweze kwanu.

Ndinagwada pansi pomwepo. Iwo anati dzuka, ukuwopseza ana, kuno si kutchalitchi. Anandibwezera kabukuko m'manja. Akuti sakandinenera ndipo sandipempha kanthu, ali ndi masiku asanu, ndipo afunsa kale malo ogulitsirapo tomato kumsika. Anandiperekeza mpaka pamsewu monga amachitira ndi mlendo aliyense, atandigwirira njinga, n'kundiuza kuti tayala lakumbuyo likufuna mpweya.

Lolemba 7 koloko ndinali pakhomo pa a Hector, tsamba lakale lija m'dzanja limodzi, kabuku m'dzanja lina. Ndinayamba ndi Chizungu chabwino chomwe ndinakonza panjira, koma chinathera pakati, ndinangoika zinthuzo patebulo n'kumaloza. Anawerenga tsamba lakale, anawerenga latsopano, anaona chidindo cha kapu chija. Khosi lawo linafiira mpaka m'makutu. Anatseka chitseko n'kunditukwana mawu oti sindingawalembe mu kalata yopita kwathu. Kenako anakhala pansi n'kundifunsa kuti chifukwa chiyani. Ndinati ndinkaopa kuti ena akadziwa zonse simudzandifunanso. Akuti iwe ndi chitsiru, ndipo mu Bulawayo muno mukanakhala munthu wina mmodzi yekha wodziwa makina awa bwenzi pano uli panja pa geti, koma onse athawira ku Joni.

Tsiku lomwelo a Hector anakwera galimoto okha kupita ku Njube. Lachitatu sisi Dorah anabwerera pantchito, mlandu wawo unathera pomwepo. Pa zonse zomwe ndalemba muno, chabwino ndi chimenechi chokha.

Ine anandipatsa masabata awiri kuti ndilembe buku lofiira lonse mwatsopano, m'Chizungu chosavuta, zonse za m'kabuku kakuda zilowemo. Akuti likatha tidzaliyesa. Adzazimitsa makina onse ngati kwagwa ngozi, sisi Dorah adzawadzutse okha ndi bukulo, ine nditaima panja. Akadzatha, ntchito ndikhala nayo. Akadzalephera chifukwa choti ndabisanso kanthu, ndinyamule jekete. Mwaona mmene zinatembenukira? Miyezi itatu ndinkalimbana kuti makina asayende popanda ine, tsopano ndinayamba kupemphera kuti ayende popanda ine.

Ndinalemba, achemwali, kuposa mmene ndinawerengera mayeso a Folomu 4. Masamba makumi atatu ndi anayi. Tsamba loyamba ndinaika mawu akuluakulu oti ukakayika usadine kanthu, ima, itana munthu. Ndinaikamo manambala a foni, ma adiresi, ngakhale komwe aliyense wa ife amapezeka Loweruka masana, za ine ndinalemba kuti Barbourfields, mbali ya kumadzulo, pafupi ndi ogulitsa malalanje. Makope ndi atatu tsopano. Lina pakhoma paja, lina m'kanyumba ka alonda pa geti kuti chipinda chathu chikadzapsa lisadzapsere limodzi, lina ku ofesi ya m'tauni. Kanthu kakasintha tizilemba tsiku lomwelo m'makope onse, n'kusainira anthu awiri. Ndipo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse aziliyesa munthu amene sanalilembe.

Kuyesa koyamba kunali dzulo m'mawa. Chipinda chathu chili ndi galasi lalikulu loyang'ana mu khonde, ndiye anandiimika pamenepo, chitseko n'kukiya. Inali nthawi ya tiyi, amayi osoka anatuluka onse ndi makapu awo kudzaonerera, poti nkhani inali itafika kale paliponse. Amanditcha Profesa. Wina anati taonani Profesa amuthamangitsa m'kalasi mwake. Wina anafunsa ngati ndikufuna kapu yoti ndidindire galasilo. Wina anati musamuseke, mwina akulemba mayina athu m'Chinyasa. Ine manja kumbuyo, maso pa sisi Dorah.

Anayenda bwino mpaka tsamba 9. Atafika pamenepo anadina batani, makina osayankha. Anawerenganso, kudinanso, zii. Ine ndinaona vuto nthawi yomweyo. Pali kagetsi kobiriwira komwe kamaphethira disiki ikamayamba kuzungulira, ndipo umayenera kudikira kasiye kuphethira usanadine. Ine ndimangodikira osaganiza n'komwe, ngati mmene munthu amapumira, ndiye sindinalembe. Ndinafuna kugogoda pagalasi, ndinafuna kukuwa, dzanja linafika m'mwamba, mayi wina kumbuyo kwanga anati tsitsa. Sisi Dorah sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Anabwerera pa tsamba loyamba, n'kuchotsa manja pa makina, n'kuwauza a Hector kuti bukuli lathera apa.

A Hector anatuluka n'kundifunsa pamaso pa amayi onse aja kuti kodi ichi wasiya dala. Ndinati ayi bwana, ndikulumbira, ndinangoiwala. Koma munthu woti unanama katatu ndi kanayi, ayi wako amalemera bwanji? Amene anayankha anali sisi Dorah, ali chiimire pachitseko. Akuti ichi sanabise, akanabisa bwenzi atabisa chachikulu, mupatseni cholembera alembe tiyambirenso. Ndinalemba mzere umodzi, nditatsamiza bukulo pakhoma, m'makope onse atatu. Anakiyanso chitseko, n'kuyambira pa tsamba loyamba.

Patapita mphindi makumi anayi pulinta inayamba kulira, tatatata, pepala la odula nsalu likutuluka. Amayi aja analuluta, osati chifukwa cha ine. Ine ndinangokhala pansi pa simenti pomwepo ndi thalauza langa la kuntchito.

Ndiye ntchito ndikadali nayo. Wosamala buku tsopano ndi sisi Dorah, ine ndimangolemba zomwe andiuza. Amandilankhula za ntchito zokha, mwaulemu, ndipo masana amakadyera ku kantini ndi anzawo. Sindikudandaula. Tchuthi changa cha Khirisimasi chafa, fakitale yonse igwira mpaka pa 24 ndipo tibwereranso pa 28, chifukwa cha masabata atatu aja. Amayi mazana awiri sapita kumudzi kwawo chaka chino, ndipo m'mawa uliwonse ndimadutsa pakati pa makina awo popita kuchipinda chathu. Masukulu ena akutali, cha ku Nkayi uko, sanayankhebe makalata athu. Ana awo adzatsegulira mu Januwale opanda yunifolomu, ndipo sadzadziwa kuti ndi chifukwa cha munthu wa ku Nsipe.

Tsopano pempho langa. A malume akwiya, sakudya nane mbale imodzi. Lachinayi ndinawaona akupita ku positi ndi kalata ya abambo, ndipo azakhali andinong'oneza zomwe zili mmenemo. Akuti ndadyetsedwa mankhwala ndi mkazi wa Chindebele wa ana awiri, ndatsala pang'ono kutaya ntchito chifukwa cha chibwenzi. Si zoona, ndipo mayi ameneyu ndamunamizira kokwanira, asanamiziridwenso mpaka ku Ntcheu. Kalata ya a malume ifika isanafike yangayi. Ndiye chonde, achemwali, mukhale pansi ndi abambo ndi amayi, muwawerengere iyi yonse. Ndikukudziwani, mudzafuna kudumpha mizere ina kuti mundichepetsere manyazi. Musadumphe. Abambo akadzafunsa ngati mwana wawo akadali pantchito, mudzawauze kuti inde, akadali pantchito chifukwa makina anayenda iye ali panja.

Mundiperekere moni kwa abambo ndi amayi, muwauze kuti mpando wanga wa pa Khirisimasi akhalepo wina. Moni kwa alamu anga, kwa ana anu onse, kwa azakhali Christobel ndi a m'nyumba mwawo, ndiponso kwa achemwali aang'ono Aida, amene ndikudziwa kuti aziseka mpaka chaka chamawa. Asekedi, akuyenera.

Mukandiyankha mulembe pa adiresi ya kuntchito, kunyumba kuno makalata amayamba adutsa m'manja mwa a malume.

Tsalani ndi mtendere. Ndine mlongo wanu,

Lemson